Sola ndi dishi padenga la galimoto yogonamo: zoyenera kudziwa musanatsike nayo kuchigwa cha Shire

Galimoto yogonamo kuno si ija yoyera mbee ya alendo ochokera ku Ulaya yokha ayi. Ndi Hiace kapena Coaster yochotsedwa mipando n'kuikamo bedi ndi kabati, ndi Land Cruiser ya anthu oyeza malo, ndi galimoto ya alaliki a misonkhano ya chitsitsimutso, kapena ya ogula thonje ndi chitowe amene amatha sabata yathunthu ali m'midzi ya kwa Ngabu. Onsewa amafuna zofanana: filiji izizizira, fani izizungulira usiku wonse, foni zizikhala ndi moto, ndipo mpira kapena intaneti zizigwira. Malangizo ambiri amene amabwera ndi zipangizozi analembedwera mayiko ozizira kumene anthu amachita kusakasaka dzuwa. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje dzuwa silisowa. Chimene chimalamula ndi kutentha, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa 40°C, ndipo kusankha kwanu konse kuyambire pamenepo.

Yambani ndi pepala, osati shopu

Lembani chilichonse chimene chidzadye magetsi, mawati ake, ndi maola amene chidzayake patsiku. Mukachulukitsa mawati ndi maola mupeza Wh, muyeso wa magetsi onse amene chinthucho chimadya patsiku. Filiji ya kompuresa ya 12V ya malita 40 mpaka 50 imakoka mawati pafupifupi 45 ikamalira, koma m'nyengo yotentha kuno imalira kuposa theka la tsiku, ndiye iwerengereni 600Wh. Fani ya mawati 20 kwa maola 10 ndi 200Wh. Mababu anayi a LED a mawati 5 kwa maola anayi ndi 80Wh. Foni ndi laputopu muike 200Wh. TV yaing'ono ndi dikoda yake, mawati 60 kwa maola anayi, ndi 240Wh. Starlink Mini, kadishi ka intaneti ya setilaiti, mawati pafupifupi 30 kwa maola 6, ndi 180Wh. Zonse pamodzi zikukwana 1,500Wh, ndipo mukaonjezera zotayika mu inveta, chipangizo chosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa m'nyumba, muli pa 1,700Wh.

Filiji zotchipa zija zopanda kompuresa, zolumikiza poyatsira ndudu, musaziwerengere n'komwe. Zimangotsitsa kutentha ndi madigiri 15 mpaka 20 kuchokera pa mpweya wozungulira, ndiye m'galimoto mukakhala 42°C nyama ili pa 25°C, ikuwola mwaulemu. Nayo AC yoziziritsa m'kati iiwaleni: imadya mawati 700 kapena kuposa, ndipo denga la minibasi silingakwane mapanelo oidyetsa usiku wonse.

Nambala yolembedwa kuseri kwa panelo inayezedwa panelo ili pa 25°C. Padenga la galimoto ku Nchalo dzuwa lili paliwombo, galasi lija limafika 65°C kapena 70°C, ndipo pa digiri iliyonse yopitirira 25 mphamvu imatsika ndi pafupifupi 0.35 mpaka 0.4 peresenti. Apo mwataya kale 15 peresenti fumbi lisanaterepo. Walira mvula walira matope: dzuwa lomwe likukupatsani magetsi ndi lomwe likuwadya. Choncho werengani motere: mawati a panelo, kuchulukitsa ndi maola 5 a dzuwa lamphamvu, kuchulukitsanso ndi 0.7. Panelo ya 400W ipereka 1,400Wh patsiku, zomwe zikuperewera pa 1,700 zija. Pakufunika mawati pafupifupi 500, ndipo kuti pakhale otsalira mutenge 550 mpaka 600.

Onsewo asapite padenga

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Munthu akafika pamsika pa Bangula kapena pa Miseu Folo masana, chinthu choyamba amasaka ndi mthunzi wa nimu kapena mango, ndipo akulondola, chifukwa galimoto yoima padzuwa kuno imasanduka uvuni, filiji imalira osapuma, batire nayo imaphikika. Koma mukalowa pamthunzi mapanelo apadenga atha ntchito. Njira yake ndi kugawa: mawati 400 amangidwe padenga kuti azitchaja mukamayenda komanso m'mawa, ndipo mawati 200 akhale panelo yopinda kapena yonyamula pamanja, yokhala ndi waya wa 6mm² wotalika mamita 10. Galimoto ili pamthunzi, panelo ili pabwalo. Yapansiyi imapitanso mphepo mbali zonse ndipo mutha kuitembenuza kutsata dzuwa, motero pa kukula kwake imagwira ntchito kuposa inzake yapadenga. Ingokumbukirani loko ndi tcheni, komanso kuti mbuzi zimakonda kukwera chilichonse chopendekeka.

Yapadenga igone chafulati, musavutike ndi mahinji oipendeketsa. Chigwachi chili pa madigiri 16 mpaka 17 kummwera kwa equator, ndipo dzuwa limadutsa pamutu penipeni kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Mu Juni ndi mmene limatsikira kwambiri kumpoto, masana n'kumafika madigiri 50 okha kuchokera pansi, koma nthawi imeneyo filiji ndi fani sizivutika kwenikweni. Yonyamula ija muiloze kumpoto m'miyezi yozizira.

Kusankha panelo yeniyeni

Tengani tepi popita kushopu. Panelo yabwino ya masiku ano imapereka mawati 200 mpaka 220 pa sikweya mita imodzi. Ya 400W imakhala pafupifupi mamita 1.72 m'litali ndi 1.13 m'lifupi, n'kulemera makilogalamu 21. Ya 550W imafika mamita 2.28 ndi makilogalamu 27 kapena 28. Mukaona panelo ya mita imodzi m'litali ndi masentimita 67 m'lifupi koma chipepala chake chikuti 300W, dziwani kuti chipepalacho chikunama. Kukula kumeneko ndi kwa mawati 130. Ngati wogulitsa alola, itulutseni padzuwa masana muyeze ndi mita: mavoti opanda katundu ndi ma amp olumikiza mawaya awiriwo zikhale pafupi ndi Voc ndi Isc zolembedwa kuseri. Mavoti okha sanena zoona, chifukwa ngakhale panelo yofooka imaonetsa mavoti okwanira. Bodza limagwidwa pa ma amp.

Sankhani yagalasi yokhala ndi felemu ya aluminiyamu. Zopyapyala zopindika zija zomata mwachindunji padenga zimaoneka zaudongo, koma zilibe mpata wopita mphepo kunsi, zimatentha limodzi ndi chitsulo, pulasitiki yapamwamba imachita chikasu n'kuyamba kusupuka, ndipo pozimatula zimachoka ndi penti. Yagalasi isiyireni mpata wa masentimita 5 mpaka 8 kuchokera padenga. Mpatawo umaziziritsa panelo, ndipo panelo nayo imachita mthunzi padenga, m'kati n'kupepukako.

Ngati denga lili ndi chotsegula chopitira mpweya ndipo panelo imodzi yaikulu siikwana, tengani ziwiri za 200W. Zilumikizeni motsatizana, pulasi ya iyi ku mainasi ya inayo, kuti mavoti aphatikizane. Chifukwa chake ndi kutentha komwe kuja: panelo ya mavoti 18 ikatentha imatsikira cha ku 16, pamene batire ikufuna 14.4 kuti idzaze, ndipo makontirola ena a MPPT (kontirola ndi kachipangizo koyang'anira moto wochokera ku panelo kupita ku batire) sayamba ntchito mpaka panelo ipose batire ndi mavoti 5. Kuipa kwa kulumikiza kotereku n'kwakuti mthunzi pa imodzi umafoola zonse ziwiri. Ndiye tayala lasipeya, zigubu za madzi, thumba la makala, chilichonse chotalika kuposa panelo chisakhale pambali pake. Kamthunzi kopingasa ka chitsulo cha kaliyala kangathe kudula gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya panelo.

Kontirola ndi batire

Kontirola zilipo za mitundu iwiri. PWM imangokokera mavoti a panelo pansi kuti afanane ndi a batire, zotsalazo n'kutayika. Panelo ya 400W imagwira ntchito pa mavoti pafupifupi 31 ndi ma amp 13. Mukaiika pa PWM ndi batire ya 12V mupeza ma amp 13 omwewo pa mavoti 14, omwe ndi mawati 180. Theka la ndalama zanu lalowa m'madzi. MPPT imasandutsa mavoti otsalawo kukhala ma amp. Ya 100/30, kutanthauza yolandira mpaka mavoti 100 n'kutulutsa ma amp 30, ikukwanira mawati 400 apadenga. Panelo yonyamula ikhale ndi kontirola yakeyake ya ma amp 15, yomangidwa m'galimoto pafupi ndi batire, osati kuseri kwa panelo kumene ambiri opanga amaimata. Pamsika pali timabokosi tabuluu topepuka tolembedwa MPPT koma m'kati muli PWM. Yeniyeni imalemera m'manja chifukwa ili ndi koyilo yamkuwa ndi zipsepse zachitsulo zotulutsira kutentha, ndipo pachikuto pake pamalembedwa mavoti apamwamba amene ingalandire, monga 75 kapena 100.

Polumikiza, batire iyambe, panelo pambuyo. Pomasula, panelo iyambe. Kontirola imazindikira ngati dongosolo lanu ndi la 12V kapena 24V kudzera ku batire, ndipo zina zimapsa zikalandira moto wa panelo pasanakhale batire.

Batire yamtovu, kaya ya asidi, gel kapena AGM, imafuna muzigwiritsa theka lokha la mphamvu yake, ndipo moyo wake umadulidwa pakati kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa 25°C. Batire imene kumalo kozizira ingathe zaka zinayi, m'bokosi lotsekeka m'galimoto ku Nsanje siichedwa kutupa. Ya lithium ya mtundu wa LiFePO4 ya 100Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire imasunga) imasunga 1,280Wh, mutha kugwiritsa 80 mpaka 90 peresenti, ndipo imalemera makilogalamu 12 pamene yamtovu ya 100Ah ili cha pa 30. Pa katundu tawerenga uja pakufunika 200Ah ya lithium kuti mudutse usiku ndi tsiku limodzi la mitambo. Kuti mupeze zofanana ndi zamtovu mufunika 400Ah, makilogalamu 120 okhalira pa masipuling'i. Mtengo wogulira ndi wowawa, koma kuno lithium ndiye yoyenera. Nayo ili ndi malire: zambiri siziloledwa kutchajidwa zikapitirira 45°C, ndipo BMS, kachipangizo koteteza batire ka m'kati mwake, imadula. Iikeni pansi m'galimoto, kutali ndi injini ndi ekizozi (pa Hiace injini ili kunsi kwa mipando yakutsogolo, ndiye pamenepo ayi), m'bokosi loboola kuti mpweya uzidutsa. Kontirola muisinthire pa lithium, mavoti 14.2 mpaka 14.4, ndipo muzimitse equalize, kutchaja kwa mavoti okwera kopangira mabatire amtovu.

Batire yolizira injini isakhudzidwe ndi zonsezi. Ngati mukufuna kuti injini izitchajako batire yam'nyumba poyenda, zomwe zimapulumutsa kwambiri mu Januwale mitambo ikakuta masiku atatu, ikani chaja ya DC-DC ya ma amp 30 pakati pake. Lithium yolumikizidwa mwachindunji imakoka moto wonse umene olitaneta ingapereke, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono padzuwa la kuno olitaneta imapsa.

Mawaya ndi mabowo

Kuchokera ku panelo gwiritsani waya wa sola weniweni wa 4mm² kapena 6mm² ndi mapulagi a MC4. Waya wa m'nyumba umauma n'kung'aluka padzuwa. Kuchokera ku kontirola kupita ku batire, 10mm² ndi fyuzi ya ma amp 40. Inveta ya 1,000W imakoka ma amp pafupifupi 90, ndiye ifuna 25mm² kapena 35mm², waufupi, ndi fyuzi ya 125. Fyuzi iliyonse ikhale pasanathe masentimita 20 kuchokera pamutu wa pulasi wa batire, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza waya, ndipo waya wokhuzana ndi bodi popanda fyuzi ndi moto. Palani waya ndi mpeni musanagule: ukatuluka woyera m'kati ndi aluminiyamu wokutidwa mkuwa, umatentha ndipo umathyoka ndi kugwedezeka.

Bowo lolowetsera waya padenga lipakidwe penti m'mphepete, muikepo kabokosi kokhala ndi gland, chomangira chofinya waya kuti madzi asalowe, n'kumata ndi polyurethane monga Sikaflex. Silikoni wonunkha viniga uja amadya chitsulo, dzimbiri limayambira kunsi kwake, ndipo mudzazindikira mvula yoyamba ya Disembala ikudonthera pamatiresi. Waya achite kakhota kotsika asanalowe kuti madzi azidontha panja.

Owotcherera akapanga kaliyala, auzeni kuti ikhale yopepuka ndipo igwire m'ngalande za m'mbali mwa denga kapena pa malo omangira a fakitale, osati pa chitsulo chopyapyala chapakati. Onani m'buku la galimoto kulemera kumene denga limaloledwa, ndipo kaliyalayo muiwerengere momwemo. Katundu wapamwamba mumamumva bwino m'makhota otsika ku Thabwa. Panelo imangidwe malo anayi kapena asanu ndi limodzi ndi mabawuti a stainless a M8 ndi manati a nayiloni m'kati, ndi labala pakati pa felemu ndi chitsulo. Misewu yafumbi ya mabampu ang'onoang'ono, ngati ya kutsidya la kum'mawa kulowera ku Makhanga, imamasula nati wamba tsiku limodzi. Mukayenda makilomita 100 oyamba kwerani ndi sipanala. Kutsogolo kwa panelo ikani kachitsulo kopendekeka kotchinga mphepo ndi nthambi, makamaka ngati mumalowa ku Lengwe kapena ku Majete.

Dishi

Dishi ya TV ya masentimita 90 isamangidwe padenga. Poyenda imakhala ngati tanga, imapindika, ndipo dishi yopindika ngakhale pang'ono siigwiranso bwino. Poima imachita mthunzi pa panelo, ndipo munthu akangotembenuka pabedi galimoto imagwedezeka, chithunzi n'kuduka. Iziyenda itagona m'kati kapena itamangidwa chafufumimba, ndipo mukafika muiimike pansi pa miyendo itatu yokhomerera ndi zikhomo, ndi waya wa RG6 wa mamita 15 mpaka 20.

Chinsinsi chili pa mzati: ukhale woongoka ndithu, muyeze ndi levulo mbali ziwiri. Mzati ukaongoka, kupendekeka kwa dishi kumene munapeza ku Chikwawa kugwiranso ntchito ku Nsanje mutangosuntha pang'ono, ndiye lembani chizindikiro ndi penti pa bulaketi. Setilaiti ya Eutelsat ya pa 36°E, imene DStv imagwiritsa ntchito, kuchokera kuno ili pafupifupi kumpoto ndendende ndipo ili pamwamba kwambiri, madigiri pafupifupi 71. Ya pa 7°E ya Azam ili kumpoto chakumadzulo, madigiri pafupifupi 53. Ya pa 68.5°E ili kum'mawa mopendekera kumpoto, cha pa madigiri 47. Dishi zimenezi zimaona pamwamba kuposa pamene nkhope yake yaloza ndi madigiri 20 ndi kanthu, choncho musadabwe kuti ya 71 ikuoneka ngati yangopendekera theka. Ubwino wa setilaiti yapamwamba choncho ndi wakuti mitengo yapatali siitchinga. Ingopewani nthambi zapamutu. Sunthani pang'onopang'ono, muzidikira masekondi awiri kapena atatu kuti dikoda iwerenge, ndipo muziyang'ana quality osati strength. Mukaipeza, potozani LNB, kamutu kolandirira siginecha kutsogolo kwa dishi, pang'ono uku ndi uku mpaka nambala ikwere.

Madishi odzisaka okha a m'chibakuli choyera, amene amabwera ndi magalimoto ogonamo akale ochokera ku Ulaya, anakonzedwera masetilaiti a kumeneko, Astra ndi Hotbird, ndipo mbale yake ndi yaing'ono. Musalipire kanthu poganiza kuti mwapeza mwayi. Ndi bwino kuchichotsa, malowo papite panelo.

Pa intaneti, m'mbali mwa M1 foni imagwira, ndipo rauta ya 4G imadya mawati osakwana 10. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndi ya amene amapita kumene netiweki kulibe. Yaikulu ya Standard imadya mawati 75 mpaka 100. Kwa maola 6 ndi filiji ina yathunthu. Mini imadya 25 mpaka 40, ndi ya masentimita pafupifupi 30 ndi 26, imalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, ndipo imalandira DC ya mavoti 12 mpaka 48, kutanthauza kuti inveta siifunika. Vuto lodziwika n'lakuti pa 12V, ndi waya wake wautali wopyapyala, mavoti amagwa panjira ndipo imangozima n'kuyaka. Ikani kachipangizo kokweza mavoti kufika 24 kapena 30 pafupi ndi batire, ndi fyuzi ya ma amp 10. Inapangidwa kuti igwire ntchito mpaka 50°C, ndiye musaigoneke pa chitsulo chadenga. Ikhale pa bulaketi yokwezeka, yomasuka mosavuta kuti mukaima pansi pa mtengo muitulutsire pabwalo limodzi ndi panelo ija. Imafuna thambo lotseguka kwambiri kuposa dishi ya TV popeza masetilaiti ake amayenda, ndipo app yake ili ndi poyezera zotchinga ndi kamera ya foni. Onetsetsani kuti mwalipira Roam, pulani ya oyendayenda, osati yapanyumba yomangidwa pa adiresi imodzi. Mvula yamphamvu imadula zonse ziwiri, TV ndi Starlink, kwa kanthawi. Si kuti zaonongeka. Ziphaliwali zikayamba, zulani waya wa dishi ku dikoda.

Kutsuka

Panelo yogona chafulati siidzitsuka. M'chilimwe fumbi limatera tsiku lililonse, ndipo cha ku Nchalo m'nyengo yodula nzimbe pamagwanso phulusa lakuda lochokera m'minda yotenthedwa. Pukutani masiku awiri kapena atatu alionse, m'mamawa galasi lisanatenthe. Madzi ozizira pa galasi la 65°C angathe kuliswa. Mijigo yambiri m'chigwa muno ili ndi madzi amchere, ndipo akaumira pagalasi amasiya chikanga choyera chimene nsalu youma siichotsa. Ngati ndi okhawo amene alipo, tsukani n'kupukuta msanga ndi nsalu yofewa asanaume, koma ndi bwino kusungira botolo la malita awiri la madzi a mvula kapena a m'paipi. Zitosi za mbalame zichotseni tsiku lomwelo, chifukwa selo yophimbidwa imatentha kuposa zinzake mpaka kusiya banga lopsa kuseri. Kuti mudziwe ngati nthawi yotsuka yakwana, onani ma amp pa kontirola cha m'ma 10 koloko m'mawa batire isanadzaze: panelo yoyera ya 400W iyenera kuonetsa pakati pa 18 ndi 22.